Tsiku Limene Komiti Inavotera Tcheni cha Injini

Achimwene, sunthani pang'ono ndikhaleko, basiyi sibwera msanga, ndimaidziwa ine. Ndikuona mukundiyang'ana jekete ndi taye n'kumadzifunsa kuti munthu wooneka bwino chonchi akutani padepoti. Funsani, musaope. Miyezi iwiri yapitayo ndinkadutsa pompano ndili pachiwongolero, chigongono chili pawindo, ndikukumverani chisoni anthu inu. Lero ndikupempha malo pabenchi. Galimoto yangayo sinagundidwe, sinabedwe, sinapse ayi. Inafa ndi msonkhano.

Ine ndinali kalaliki, zaka makumi atatu ndikulemba zokambirana za misonkhano, ndiye nditapuma pantchito anthu a mumsewu mwathu sanachedwe kundisankha kukhala mlembi wa komiti. Komiti yathuyo imaona za zinyalala, ngalande ndi agalu osokosa. Tilipo anayi. Pali a Wapampando, omwe anali oyendera masukulu, munthu woti akatsokomola amayembekezera kuti wina alembe. Pali a Msungichuma, a golosale, amene sataya ngakhale ulusi wosokera thumba la shuga. Pali a Wachiwiri, omwe chisankhidwireni ndawamva akunena mawu awiri okha, akuti, "Ndikugwirizana nazo." Wachinayi ndine, ndi buku langa lachikuto chakuda.

Galimotoyo ndinkaikonda, ndinene poyera, sindichita manyazi. Inali yakale, utoto utasuwa padenga, chitseko cha kumbuyo chinkatseguka ndi bondo, koma m'mawa uliwonse ndinkaitsuka ndisanasambe ine mwini. Vuto linali limodzi, mapepala ake anali m'dzina la akazi anga. Anagula ndi iwo, nthawi imene ankagwira ntchito ya unamwino. Ine changa chinali kiyi basi.

Tsono inayamba khalidwe. Ukailiza m'mawa inkachita phokoso ngati munthu akugwedeza misomali m'chitini, ndipo katatu konse inazima pakati pa msewu. Kachitatuko inazimira pageti penipeni pa chipatala chimene mayiwo ankagwirako ntchito, anzawo akale akuonerera, iwo akukankha atavala nsapato za gogoda. Titafika kunyumba sanakalipe. Anangovula nsapato zija, n'kukhala pansi, n'kunena mofatsa.

"Abambo, ndakankha galimotoyi katatu, ndi msinkhu wangawu. Ikangofanso kamodzi, ndiitana ogula zitsulo zakutha adzaitenge. Sindibwerezanso."

Inu, akazi anga akati sabwereza, sabwerezadi. Ndakhala nawo zaka zambiri, ndikudziwa.

Ndinathamangira nayo kwa makaniko wa kumapeto kwa msewu wathu. Tonse timangowatchula a Gilizi, chifukwa zikhadabo zawo sizinayerepo chibadwire. Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chigwiriro kukhutu, n'kumvetsera atatsinzina.

"Tcheni cha taimingi chatamuka," anatero.

"Ndiye chiti chimenecho?"

"Chili m'kati umu, kutsogolo. Chimalumikiza pansi pa injini ndi pamwamba, kuti mapisitoni ndi mavalavu azipatsana mpata. Pisitoni ikamakwera, valavu izikhala itachoka panjira. Zikasemphana zimawombana mitu, injini yatha. Mukagule seti yonse, tcheni, magudumu ake a mano, chokungira ndi timapulasitiki totsetserekapo. Mupite ndi nambala ya injini. Mubwere nayo sabata yamawa, pano padzaza." Kenaka anapukuta m'manja n'kuwonjezera mawu amene anapha galimoto yanga. "Koma chonde a Mlembi, musaigwire nokha. Iyi si ntchito ya cholembera."

Si ntchito ya cholembera. Mawu amenewo anandibaya pamtima, ndinayenda nawo njira yonse. Tsiku lomwelo tinali ndi msonkhano wa ngalande, ndiye titafika pa mfundo ya zina ndi zina ndinaitula nkhaniyo. A Wapampando anavula magalasi.

"Wanyoza komiti yonse ameneyo," anatero. "Munthu woti sukulu anaisiyira panjira aziuza mlembi wathu zoti asagwire? Tcheni n'chiyani kodi? Njinga ili ndi tcheni, ana amabwezeretsa okha ndi kamtengo. Mutu umodzi susenza denga, koma pano pali mitu inayi, yophunzira yokhayokha. Ndikupempha kuti tikhazikitse komiti yapadera yoona za tcheni."

"Ndikugwirizana nazo," anatero a Wachiwiri.

Tinasankhana mamembala a komiti yapaderayo, ndipo tinapezeka kuti ndife tomwe anayi aja. Ndinalemba m'buku.

M'mawa mwake tinapita kusitolo ya zipangizo za galimoto, tonse anayi, a Wapampando patsogolo. Wogulitsa anali mayi wosayankhula zambiri. Titatchula mtundu wa galimoto anafunsa nambala ya injini. Ine ndinazizidwa, poti nambalayo ndinali nditaiiwala dala, chifukwa amene anandiuza anali a Gilizi.

"Amayi, ife si akaidi oti tizidziwika ndi manambala," anatero a Wapampando. "Takuuzani dzina la galimoto, tipatseni tcheni chake."

"Galimoto imeneyo inatuluka ndi injini za mitundu iwiri," anayankha mayiwo, akuika mabokosi awiri patebulo. "Kunja n'zofanana, m'kati n'zosiyana. Popanda nambala mukungolota."

Apa a Msungichuma anapempha mpata. Ananyamula bokosi ili, ananyamula linalo, anawagwedeza kukhutu ngati akusankha mavwende, n'kunena kuti lakumanzere likulemerako, ndiye kuti muli chitsulo chambiri, ndipo munthu wanzeru sasiya chambiri n'kutenga chochepa pomwe mtengo uli umodzi. Zinamveka zanzeru, inu, pa nthawiyo zinamveka zanzeru kwambiri. Tinatenga lolemeralo. Mayi aja anangotiyang'ana mpaka tinatuluka.

Kunyumba tinatsegula boneti pabwalo, aliyense ndi sipanala yake yobwereka. A Wapampando sanagwire kanthu, anakhala pampando wa ndalema n'kumalozera ndi ambulera. Kufika pa tcheni si masewera, abale. Umachotsa ichi kuti ufike pa icho, ukafika pa icho upeza chatsekedwa ndi china. Tinamasula mabawuti tsiku lonse, ndipo palibe anakumbukira kuti oyilo amayamba wakhutulidwa. A Wachiwiri anali chagada kunsi kwa galimoto pamene ndinakanganula chivindikiro. Anatuluka kunsiko maso okha akuyera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya komiti sanagwirizane ndi chilichonse, ankangolavula.

Tcheni chakale tinachichotsa. Titaika chatsopano chinangolendewera ngati lamba wa munthu amene wadwala mwezi wathunthu. Chinali cha injini inayo. A Msungichuma anati tidule mfundo zinayi ndi sowo, zotsalazo tisunge. A Wapampando anati wogulitsa uja ndiye wolakwa chifukwa sanalimbikire mokwanira potiletsa. Mapeto ake ndinakwawa ine ndemwe, ndi nsanza ndi tochi, kukafufuza nambala ija kuseri kwa injini kumene kunali matope a zaka khumi. Ndinailemba m'buku la komiti, ndi chala chakuda chodinda pambali.

Mayi a kusitolo aja sanatinyoze. Analandira bokosi lawo, anawerenga nambala, anatipatsa linalo, n'kungoti, "M'katimo muli pepala la malangizo. Muliwerenge." Kukoma mtima kwina kumapweteka kuposa chipongwe.

Tsono tamverani, apa ndi pamene pagona nkhani. Tcheni cha taimingi sumangochikoleka ngati mkanda. Chili ndi mfundo zopakidwa utoto, ndipo magudumu a mano ali ndi zizindikiro. Mfundo ya utoto iyenera kugwa ndendende pa chizindikiro chake, osaphonya ngakhale dzino limodzi. Gudumu la pansi silinavute, linali ndi kadontho kamodzi. Koma gudumu la pamwamba linali ndi zizindikiro ziwiri, kadontho kakang'ono apa, ndipo patadutsa mano asanu, mzere wautali wooneka bwino.

"Pepala lija lili kuti?" ndinafunsa.

Tonse tinatembenukira a Msungichuma. Anali atakulungiramo mabawuti a oyilo, poti anati nsanza n'zosowa ndipo pepala laulere silingangokhala. Titalifunyulula linali lakuda bii, chimene chinkawerengeka chinali chithunzi cha dzanja lolozera chinthu chimene sichinkaonekanso.

"Palibe vuto," anatero a Wapampando. "Nkhani ikavuta imapita kumsonkhano. A Mlembi, tsegulani buku."

Tinakhala mozungulira injini. A Wapampando anayamba ndi iwo kuyankhula, monga mwa nthawi zonse, ndipo anayankhula kwa mphindi makumi awiri. Anati pa zaka zonse zimene anayendera masukulu, chinthu chofunika chinkadulidwa mzere kunsi, osati kuikidwa kadontho. Anati kadontho kakhoza kukhala chipsera chabe, mwina ntchentche inaterapo chitsulo chisanaume, koma mzere munthu amajambula ndi cholinga. A Msungichuma anati mzere ndi waukulu kuposa kadontho, ndipo kampani singawononge nthawi kujambula chachikulu ngati chofunika chili chaching'ono.

Ine, abale, ndinali nditaona china. Gudumu lakale limene tinachotsa linali pansi pafupi ndi phazi langa, ndipo pa kadontho kake panali kautoto koyera kamene makaniko wina wakale anapaka. Pa mzere panalibe kanthu. Mtima unkandiuza kuti ndi kadontho. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma nthawi yomweyo kumpanda kunamveka kutsokomola.

Anali a Gilizi. Ankadutsa kupita kukadya masana, ndiye ataona boneti ili yasa ndi madoda atatu akuda m'manja, anaima n'kusuzumira. Anayang'ana tcheni, anayang'ana gudumu, kenaka mwaulemu wake anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Pepani akuluakulu, ndingoti pang'ono. Pa injini iyi mugwiritse kadontho. Mzerewo ndi wa injini ina ija, gudumuli amapangira zonse ziwiri."

"A Mlembi," anatero a Wapampando osatembenuka n'komwe, "kodi amene akuyankhulayo ndi membala?"

Apa ndiye pamene ndinachimwa, ndipo sindinamizira wina. Ndikanangoti tiwamvere, bwenzi lero ndili pachiwongolero. Koma mawu aja a cholembera anali akadali m'khosi mwanga ngati munga wa nsomba, ndipo ndinaona kuti mwayi wobwezera wafika wokha pakhomo. Ndinatsegula buku pang'onopang'ono, ndinayendetsa chala pamndandanda wa mayina anayi amene ndinkawadziwa pamtima, n'kunena ndi mawu a muofesi.

"Dzina lawo silikupezeka, a Wapampando."

"Ndiye ngati ali ndi maganizo alembe kalata, idzere kwa mlembi, tidzaiona pa msonkhano wa mwezi wamawa."

A Gilizi sanakwiye. Anandiyang'ana ine, osati a Wapampando, n'kunena motsitsa mawu. "A Mlembi, chabwino, chitani zanu. Koma musanalize ndi kiyi, muizungulitse injiniyo ndi sipanala, pamanja, kawiri. Ngati mwaphonya idzalimba, mudzamva, ndipo palibe chidzathyoke. Chokhacho basi."

"Zimenezo sizili pa mndandanda wa zokambirana," anatero a Wapampando.

Munthu uja anagwedeza mutu n'kumapita kukadya. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ife mnansiyo tinamuuza kuti alembe kalata.

Tinavota. Ofuna mzere, manja atatu m'mwamba, limodzi likudontha oyilo. Onse anandiyang'ana. Ndikuuzeni chinthu chimodzi cha alembi chimene anthu sadziwa, ife timakonda mawu oti "mogwirizana". Amakoma polemba, tsamba limaoneka laudongo, palibe zoti uyu anakana, uyu anadandaula. Komanso ndikanavotera kadontho bwenzi nditavotera a Gilizi. Ndiye ndinakankhira gudumu lakale lija kunsi kwa galimoto ndi chidendene, n'kukweza dzanja langa. Galimoto yanga, chikondi changa, ndinaipereka ndekha ndi dzanja lamanja.

Kubwezeretsa zinthu kunatitengera tsiku lina lathunthu. Panatsala mabawuti atatu opanda kwawo, a Msungichuma anawaika m'thumba. Nkhani yozungulitsa pamanja ija ndinayesa kuilowetsa mozemba, ngati maganizo anga, koma a Wapampando anaizindikira fungo. Anati komiti singatenge mfundo ya munthu wakunja n'kuiveka jekete la mlembi.

Loweruka m'mawa tinachita mwambo woliza. A Wapampando anabwera atavala suti, anayankhulapo za mgwirizano ndi kudzidalira, ndipo anathokoza aliyense kupatula injini. Akazi anga anali pakhonde akusita zovala, osayang'ana kuno, koma ndinkadziwa kuti khutu lili kuno. Ndinalowa, ndinapukuta chiwongolero ndi mpango, ndinapotokola kiyi.

Inu, phokoso limenelo sindidzaliiwala mpaka kumanda. Inati kho, kho, khwaa, ngati munthu wagwetsa thireyi ya mapoto pamasitepe. Kenaka zii. Nditapotokolanso kiyi injini inangozungulira mopepuka, fwiii, ngati makina osokera opanda nsalu. Agalu onse a mumsewu, omwe komiti inalephera kuwatontholetsa kwa zaka zitatu, anakhala chete.

"Ikuzolowera tcheni chatsopano," anatero a Wapampando. "Tiipatse nthawi."

Ine ndinali nditatuluka kale, ndikuthamanga ndi masilipasi kupita kumapeto kwa msewu. Manyazi ndinawasiya pageti. A Gilizi anabwera ndi bokosi lawo la zitsulo, anatsegula mutu wa injini, n'kundiitana kuti ndione. Mavalavu anali atapindika ngati misomali yozula pathabwa. Mapisitoni awiri anali atang'ambika pamwamba.

"Singakonzeke?" ndinafunsa.

"Pafunika injini ina, a Mlembi. Iyi yapita." Kenaka anati, "Inali injini yabwino. Inangofuna tcheni basi."

Akanandiseka ndikanapirira. Koma anandimvera chisoni, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga pamaso pa madoda anzanga. Pakhonde paja akazi anga anazimitsa simbi, anapinda malaya omaliza, n'kulowa m'nyumba ndi foni m'manja.

A Wapampando anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi masana omwewo, m'chipinda changa chochezera, kuti tipulumutse galimoto. Anati nkhaniyi ndi yophweka, tingowaitana mayiwo monga mlendo wolemekezeka, tiwapatse mpata woyankhula, kenaka tivote, basi nkhani yatha, poti manambala ali kumbali yathu. Ine ndinagwira mfundo imeneyo ngati munthu womira agwira udzu. Mayiwo anavomera kubwera. Anatipangira tiyi, anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, manja pamiyendo.

"Amayi," anayamba a Wapampando, "komiti yamva ndi chisoni zimene zachitika. Koma tisathamange. Choyamba, galimotoyi sinafere pamsewu ngati kale, yafera pakhomo, ndiye lamulo lanu lija likufunika kulitanthauzira bwino. Chachiwiri, sitinadziwe wolakwa. Akhoza kukhala wogulitsa, akhoza kukhala opanga magudumu amene amaika zizindikiro ziwiri kuti asokoneze anthu. Ndikupempha kuti galimoto ikhale pomwe ilipo mpaka titakhazikitsa komiti yofufuza, imene idzapereke lipoti lake pakatha miyezi isanu ndi umodzi."

"M'komiti yofufuzayo mukhala ndani?" anafunsa akazi anga.

"Tidzasankhana mwa ife tomwe."

"Chabwino. Votani."

"Ofuna kuti galimoto ikhale," anatero a Wapampando.

Manja anayi m'mwamba. Langa ndinalikweza mpaka phewa linalira, ndikuwayang'ana mayiwo ndi maso opempha, maso amene ndinawafunsira nawo mbeta kalekale.

"Ofuna kuti ipite."

Akazi anga anakweza dzanja limodzi, osalifikitsa n'kumutu komwe, linalo likugwira kapu ya tiyi. Kunja kunamveka hutala ya lole ikubwerera chammbuyo kulowa pageti.

"Ndi ogula zitsulo amenewo," anatero. "Abambo, kachotsenimo ambulera ndi magalasi anu."

A Wapampando anaimirira, nkhope ikunyezimira thukuta. "Amayi, mwina simunawerenge bwino. Ife tilipo anayi, inu muli nokha."

"Ndawerenga bwino, bambo. M'mawa muja munaliponso anayi, injini inali yokha. Inapambana ndani?"

A Msungichuma anakumbukira kuti asiya golosale yopanda munthu, a Wachiwiri anawatsatira, a Wapampando anati nkhaniyi adzaitengera kumtunda, ngakhale mpaka lero sitikudziwa kuti kumtundako n'kuti. Ndinatsala ndekha pabwalo ndikuonerera galimoto yanga ikukokedwa ndi chingwe kukwera palole, matayala akuzungulira bwinobwino ngati palibe chalakwika. Ndinaisisita padenga posuwa paja, ndipo ndinalira, achimwene, ndinalira ndithu, mwamuna wamkulu wa zidzukulu.

Koma ntchito ndi ntchito, msonkhano sungathe osalembedwa. Lole itapita ndinapukuta m'maso, ndinakhala patebulo, ndinatsegula buku, n'kulemba ndi dzanja langa labwino lija kuti pa mfundo yoti galimoto ipite, anayi akana, mmodzi wavomera, mfundo yadutsa.